Imfa Zobwera Madzi Ataphwa

Malo a Chifunga ali pamsewu wa tala wochoka pa Zalewa kupita ku Mwanza, kumunsi kwa boma la Neno. Ndi dera lotentha la malambe, mbuzi ndi ng'ombe, komwe mvula imachedwa kubwera koma n'kufulumira kuleka. Malole opita ku Tete, ku Zimbabwe ndi ku Joni amadutsa pomwepa usana ndi usiku. Namondwe akaomba, dzina la Chifunga silimveka pawailesi. Timamva Nsanje, Chikwawa, Phalombe ndi Chilobwe, ndipo n'zoyenera kutero chifukwa kumeneko n'komwe madzi ndi matope amakokolola anthu ochuluka. Komabe ine ndikuona kuti amene akufuna kumvetsa tanthauzo lenileni la kukonzekera ngozi zogwa mwadzidzidzi aphunzira zambiri pa Chifunga. Pamalo otere ngozi siipha anthu ambiri usiku umodzi. Imawapha mmodzimmodzi, milungu ndi miyezi itapita, pomwe atolankhani ndi magalimoto a chithandizo abwerera kale kwawo. Chomwe chingapulumutse anthu oterewa ndi chipatala chaching'ono cha m'dera lawo, ngati chinali ndi antchito, mankhwala, madzi ndi magetsi mvula isanayambe. Ndalama zambiri zomwe timazitcha za ngozi zikanayenera kupita kumeneko mu Okutobala, kumwamba kulibe ndi mtambo womwe.

Tiyambe taona mmene timawerengera ngozi m'dziko muno. Madzi osefukira a mu Januwale 2015 anapha anthu 106 ndipo anthu pafupifupi 230,000 anasowa pokhala. Mu Marichi 2019 mvula yomwe inabwera ndi namondwe wa Idai inapha anthu 60. Mu Januwale 2022 kunabwera namondwe wa Ana, mu Marichi chaka chomwecho Gombe. Kenako mu Marichi 2023 anafika Freddy, namondwe yemwe anabadwira kufupi ndi Australia n'kuyenda panyanja kwa mwezi woposa umodzi. Boma linalengeza kuti maboma khumi a kumwera, Neno ali m'gulumo, ali pangozi. Omwe anafa ndi omwe sanapezeke anapitirira 1,000, ndipo anthu oposa 650,000 anathawa m'nyumba zawo. Ziwerengero izi n'zoona ndipo n'zowawa, koma zonse zikunena za anthu omwe anamira, omwe anakwiriridwa ndi matope, omwe chipupa chinawagwera. Munthu yemwe anamwalira patatha milungu isanu chifukwa mankhwala ake anapita ndi madzi salowa m'kaundula ameneyu. Maliro ake amalengezedwa kuti ndi a matenda basi, ndipo palibe amene amawalumikiza ndi mvula ija.

Kuti imfa za pambuyozi zingachuluke bwanji tinazionera kutali, pachilumba cha Puerto Rico, chomwe chili pansi pa ulamuliro wa America. Namondwe wa Maria ataomba kumeneko mu Seputembala 2017, akuluakulu a boma ananena kuti afa anthu 64. Akatswiri a payunivesite ya George Washington atafanizira kuchuluka kwa maliro m'miyezi yotsatira ndi mmene zimakhalira zaka zina, anapeza kuti namondweyo anatenga miyoyo pafupifupi 2,975, ndipo boma la kumeneko linavomereza chiwerengerocho. Ambiri mwa anthuwa anali okalamba ndi odwala matenda okhalitsa, omwe chithandizo chawo chinadukiza magetsi atazima, misewu itatsekeka, zipatala zitasokonekera. Ngati izi zinachitika kudziko komwe kuli madokotala ambiri ndi misewu yabwino, sitingaganize kuti kwathu kuno, komwe munthu amayenda maola awiri pansi kuti apeze namwino, zinthu zimakhala bwinopo. Kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko imfa iliyonse imalembedwa m'mabuku a boma, pomwe kwathu anthu ambiri omwalira kumudzi amaikidwa popanda cholembedwa chilichonse.

Anthu ake ndi ati pa Chifunga ndi midzi yozungulira? Woyamba ndi yemwe amamwa ma ARV. M'Malawi muno muli anthu pafupifupi miliyoni imodzi omwe ali ndi kachilombo ka HIV, ndipo ambiri ali bwinobwino, akulima ndi kulera ana awo, chifukwa amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku. Denga likagwa usiku, botolo la mankhwala n'kunyowa, kabuku ka kuchipatala n'kusungunuka m'matope, munthuyo amangotsala ndi manja. Akakhala milungu ingapo osamwa, kachilombo kamachulukananso m'magazi, ndipo kudukizadukiza kotere n'komwe kumapatsa kachilomboko mpata wosiya kumva mankhwala. Wachiwiri ndi wodwala shuga yemwe amadzibaya insulini. Iyeyu sangadikire milungu, masiku ochepa chabe akwanira kuti akomoke. Pali wa khunyu, yemwe akasowa mapiritsi amayambanso kugwa, ndipo kugwa kwa wa khunyu pafupi ndi moto kapena pamtsinje wodzaza ndi imfa. Pali agogo a kuthamanga kwa magazi, omwe sitiroko imawapeza mwezi wotsatira. Pali wa TB yemwe wadukiza mankhwala pakati. Koposa onse pali mayi woyembekezera, chifukwa mwana sadikira kuti mtsinje uphwe. Mitsinje ya Lisungwi ndi Mkulumadzi, pamodzi ndi timitsinje tambirimbiri tomwe m'chilimwe timangokhala mchenga wokhawokha, imatsika kuchokera kumapiri a kumalire n'kukathira mu Shire. Mvula ikagwa kumtunda madzi amafika kumunsi mwaukali ngakhale kumunsiko sikunagwe dontho. Mayi yemwe matenda amuyamba usiku wotero ali tsidya lina, ngakhale chipatala chikhale pafupi chotani, amachira panyumba kapena panjira, ndipo akataya magazi ambiri palibe wothandiza.

Pambuyo pa amenewa pamabwera gulu lina. Madzi akaphwa amasiya zithaphwi, udzudzu n'kuswana, pomwe maneti anang'ambika kapena kutayika, ndipo malungo amakwera patapita milungu ingapo. Zimbudzi za m'dothi lofewa zimagumuka, zoipa n'kulowa m'zitsime ndi m'mitsinje momwe anthu amatungamo, ana n'kuyamba kutsegula m'mimba. Munda ukakokoloka, kunyentchera kumadzaonekera miyezi ingapo kutsogolo, ndipo mwana wonyentchera amafa ndi chibayo kapena malungo omwe mnzake wathanzi akanachira nawo. Kumunsi kwa Neno ngozi yaikulu zaka zambiri imakhala ng'amba, yomwe ilibe tsiku loti tinganene kuti inachitika lakuti. Mu 2016 anthu oposa 6 miliyoni m'dziko muno anafunika thandizo la chakudya chifukwa cha El Niño, ndipo mu Marichi 2024 boma linalengezanso ngozi ya chilala m'maboma 23 mwa maboma 28. Chilala nachonso chimathera kuchipatala: mijigo ikauma anthu amabwerera kumtsinje, ndipo wodwala yemwe alibe chakudya m'mimba nthawi zambiri amasiya mankhwala chifukwa amamuzunguza mutu.

Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023 ndiye umboni waukulu womwe tili nawo. Unayambira ku Machinga ndi ku Nsanje namondwe wa Ana atangodutsa, ndipo ambiri ankaganiza kuti uzilala mvula ikatha, monga zimakhalira zaka zina. Sunazilale. Unapitirira chilimwe chonse, n'kukwera m'mbali mwa nyanja mpaka kumpoto, n'kulowa m'mizinda, mpaka unafika m'maboma onse, Neno yemwe. Mu Januwale 2023 sukulu za mu Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa. Pomwe unkatha, anthu pafupifupi 59,000 anali atadwala ndipo oposa 1,700 atamwalira, mliri wa kolera woipitsitsa m'mbiri ya dziko lino. Chiwerengero chomwe chimandipweteka kwambiri ndi ichi: mwa odwala 100 aliwonse atatu ankamwalira, pomwe bungwe la WHO limati pomwe pali chithandizo choyenera omwalira sayenera kufika ndi mmodzi yemwe pa 100. Kolera ndi matenda omwe mankhwala ake ndi otchipa: madzi aukhondo osakaniza ndi Thanzi ORS, ndi diripi kwa wofooka kwambiri. Amene amafa ndi amene wafika mochedwa, kapena wafika pamalo pomwe diripi yatha. Namondwe anangoyatsa moto. Chomwe chinauchititsa kuyaka chaka chonse ndi madzi akumwa osatetezeka, kusowa kwa zimbudzi ndi kutalika kwa zipatala, zinthu zomwe zinalipo Ana asanabwere. Ndiye taonaninso zomwe zinachitika Freddy atafika. Aliyense ankaopa kuti kolera ibuka kuposa kale m'misasa momwe anthu anadzazana, koma chiwerengero cha odwala chinapitiriza kutsika, ndipo mu Ogasiti 2023 boma linalengeza kuti mliriwo wachepa mphamvu. Zifukwa zake n'zingapo, koma sindikukayika kuti chimodzi mwa izo n'chakuti namondweyo anapeza dziko lili kale chilili: kampeni ya Tithetse Kolera inali itayamba mu Febuluwale, klorini anali m'midzi, anthu mamiliyoni anali atalandira katemera, ndipo azaumoyo ankadziwa chochita.

Boma la Neno lili ndi phunziro lakelake lakale kuposa ili. Mu 2009, m'midzi ya kumalire ndi dera la Tsangano la ku Mozambique, munabuka matenda omwe anazunguza anthu mitu. Odwala ankatentha thupi, ena ankalephera kuyenda bwino, ena kulankhula kumene. Panatenga nthawi kuti akatswiri a Unduna wa Zaumoyo, mothandizidwa ndi a bungwe la CDC la ku America, atsimikize kuti inali tayifodi, ya mtundu wosamva mankhwala angapo omwe ankagwiritsidwa ntchito nthawi zonse. Kuyambira Marichi mpaka Novembala chaka chimenecho anthu 303 anadwala ndipo 11 anamwalira. Panalibe namondwe aliyense. Panali madzi akumwa oipa, midzi yakutali ndi kusowa kwa labotale yapafupi yoyezera magazi. Kuchedwa kuzindikira matenda kumapha chimodzimodzi kaya kunja kuli dzuwa kaya mvula, ndipo diso lomwe limaona msanga kuti m'mudzi wakuti ana asanu adwala mofanana ndi lomwelo lomwe lidzaone kolera madzi akasefukira. Katemera wa tayifodi, yemwe anayesedwa pa ana a ku Ndirande ndi ku Zingwangwa, anayamba kuperekedwa m'dziko lonse mu Meyi 2023. Mwana yemwe anabayidwa katemerayu ndi wokonzekera chigumula kuposa yemwe bambo ake anangomva chenjezo pawailesi.

Msewu wodutsa pa Chifunga ukutikumbutsa kuti nkhaniyi si ya Neno yokha. Mu Febuluwale 2022 dziko la Malawi linalengeza kuti mwana wina ku Lilongwe wapezeka ndi poliyo, patatha zaka 30 matendawa asakuoneka kuno. Atayeza kachilomboko anapeza kuti mtundu wake ndi wa ku Pakistan. M'miyezi yotsatira ana ena anapezeka nako m'chigawo cha Tete, chomwe chachita malire ndi Neno ndi Mwanza, ndipo maiko a kuno kumwera kwa Africa anachita kupereka katemera kwa ana mamiliyoni ambirimbiri mobwerezabwereza mpaka mliriwo unatsekedwa mu 2024. Anthu nawonso amayenda ndi mavuto awo. Msasa wa Luwani, m'boma lomweli la Neno, unasunga othawa nkhondo a ku Mozambique, unatsekedwa mu 2007, n'kutsegulidwanso mu 2016 pomwe anthu zikwi zambiri othawa zipolowe ku Tete anadzazana pa Kapise ku Mwanza. Malamulo a zaumoyo a dziko lonse omwe maiko anagwirizana mu 2005 amafuna kuti dziko lililonse lizitha kuzindikira msanga mliri ndi kudziwitsa anzake. Ku Geneva zimenezi zimalembedwa m'mawu akuluakulu, koma kuzindikirako kumachitika pawindo la chipatala chaching'ono, pomwe namwino kapena mlangizi wa zaumoyo waona chachilendo n'kuimba foni kuboma. Windo limenelo likakhala lotseka, London ndi Johannesburg nawonso sali otetezeka.

Chomwe chikupangitsa Neno kukhala malo abwino oganizira zonsezi n'chakuti bomali linayesapo njira ina. Linapatulidwa ku Mwanza mu 2003, lili ndi anthu pafupifupi 138,000 malinga ndi kalembera wa 2018, ndipo kwa zaka zambiri lakhala likudziwika ndi kusowa msewu wa tala wofika kulikulu lake. Mu 2007 bungwe la Partners In Health, lomwe kuno limatchedwa Abwenzi Pa Za Umoyo, linayamba kugwira ntchito ndi Unduna wa Zaumoyo kumeneko. Kunamangidwa chipatala cha boma pa Neno ndi china cha Lisungwi chothandiza anthu a kumunsi. Mu 2015 anayambitsa kiliniki yomwe odwala HIV, shuga, kuthamanga kwa magazi, khunyu, mphumu ndi matenda a maganizo amaonedwa tsiku limodzi pamalo amodzi, m'zipatala zonse za m'bomali kuphatikizapo cha Chifunga, m'malo moti aliyense aziyenda ulendo wautali kupita kulikulu. Kenako anakonza zoti khomo lililonse likhale ndi munthu wa m'mudzi momwemo wophunzitsidwa zaumoyo, woliyendera mwezi ndi mwezi. Kafukufuku yemwe anachitika pa njirayi anasonyeza kuti odwala osiya mankhwala anachepa ndi pafupifupi 20 pa 100 aliwonse, ndipo amayi oyamba sikelo m'miyezi itatu yoyambirira anachuluka. Palibe amene anazitcha zimenezi kukonzekera ngozi, koma ndizo zimenezo. Mlatho ukaduka, funso loyamba la azaumoyo limakhala lakuti tsidya linalo kuli ndani yemwe sangadikire. M'maboma ambiri funsoli lilibe woliyankha. Pomwe khomo lililonse lili ndi woliyendera, yankho lili kale m'kope: mayi uje watsala milungu iwiri, mnyamata uje insulini wake atha Lachisanu.

Wina atsutsa kuti chomwe chimapulumutsa miyoyo yambiri pa namondwe ndi chenjezo ndi kusamutsa anthu, ndipo adzatchula Bangladesh. Akunena zoona. Namondwe wa mu 1970 anapha anthu osachepera 300,000 kumeneko, wa mu 1991 anapha pafupifupi 138,000, koma namondwe wamphamvu wa Amphan mu 2020 anapha anthu osakwana 100 m'dzikolo, chifukwa anthu mamiliyoni anali atasamutsidwa kale. Bungwe la United Nations likufuna kuti pofika 2027 munthu aliyense padziko lapansi azifikiridwa ndi chenjezo, ndipo nthambi yathu yoona zanyengo inachenjezadi za Freddy masiku angapo asanafike. Koma tifunse kuti ku Bangladesh chenjezo limayenda bwanji. Limanyamulidwa ndi anthu zikwizikwi odzipereka a m'midzi momwemo, odziwika kwa anansi awo, omwe amagogoda khomo ndi khomo, ndipo pali nyumba zolimba zothawirako zomwe zinamangidwa kale. Uthenga wa pafoni wonena kuti samukirani kumtunda suthandiza nkhalamba yosayenda, kapena mayi yemwe sakudziwa kuti kumtundako akagona pati ndipo mbuzi zake asiyira yani. Munthu amamvera chenjezo lochokera kwa yemwe wakhala akumuthandiza pa zina, ndipo m'midzi yathu munthu wotero nthawi zambiri ndi mlangizi wa zaumoyo yemwe anayeza mwana wake pasikelo. Choncho chenjezo ndi chipatala sizikulimbirana ndalama. Miyendo yonyamula chenjezo ndi yomweyo yonyamula katemera.

Wina anena kuti ndalama n'zochepa, tiyambe ndi kwa Makhanga ndi kwa Nyachikadza komwe madzi amafika m'khosi chaka ndi chaka, ndipo munthu wanjala amafuna ufa, osati nkhani za firiji ya katemera. Sindikukana kuti chigwa cha Shire chikhale patsogolo, ndipo palibe munthu wamtima yemwe angamane ufa banja lomwe lagona pasukulu. Chomwe ndikukana ndi kuganiza kuti ngozi ili ndi kwawo. Freddy asanabwere ndi angati ankawerengera Chilobwe, Chiradzulu kapena midzi ya m'munsi mwa phiri la Mulanje kuti ingakwiririke usiku umodzi? Kolera inayambira kumadera osefukira koma inakapha anthu ambiri ku Lilongwe, ku Mangochi ndi ku Blantyre. Popeza sitidziwa komwe ngozi yotsatira idzagwere, ndalama yanzeru ndi yomwe imagwira ntchito ngakhale ngoziyo isabwere. Tenti ikakhala m'nyumba yosungiramo katundu zaka zitatu imangofumbwa. Mjigo woyendera sola pachipatala, chidikiro cha amayi oyembekezera chokhala ndi denga labwino ndi chakudya, njinga yamoto ya mlangizi wa zaumoyo, zimenezi zimapulumutsa anthu chaka chamtendere ndipo chaka changozi zimawapulumutsa kawiri. Mtengo wake tiufanizire ndi wa kukonzanso zowonongeka: kafukufuku wa boma pambuyo pa Freddy anapeza kuti katundu ndi chuma chomwe chinatayika chinapitirira madola 500 miliyoni a ku America, ndipo kukonzanso kumafuna madola pafupifupi 680 miliyoni.

Chitsutso chomwe ndimachilemekeza kwambiri n'chakuti zomwe zachitika ku Neno zatheka chifukwa cha ndalama za bungwe lakunja, ndipo maboma ena alibe mwayi wotero. Izi n'zoona, ndipo chaka cha 2025 chinatiphunzitsa mowawa, boma la America litaimitsa mwadzidzidzi thandizo lake lambiri la zaumoyo m'maiko osauka. Dziko lomwe mankhwala ake a HIV, TB ndi malungo amagulidwa kwambiri ndi ndalama zakunja lili pachiopsezo chofanana ndi cha namondwe, chifukwa chisankho cha ku Washington chingathe kukhuthula shelefu ya mankhwala pa Chifunga. Koma yankho lake silingakhale kusiya njirayo. Gawo lake lofunika kwambiri, munthu wodziwa makomo ndi kaundula wa odwala, ndi lathu lomwe kuyambira kale. Alangizi a zaumoyo omwe tili nawo lero anachokera kwa obaya katemera wa nthomba a m'zaka za m'ma 1960 ndi othandiza kuthana ndi kolera omwe boma linalemba matendawa atalowa m'dziko muno mu 1973. Ntchito yawo inabadwira m'mliri, ndipo amalipidwa ndi boma. Cholinga cha boma n'chakuti pakhale mlangizi mmodzi pa anthu 1,000 aliwonse, wokhala m'mudzi momwe akugwira ntchito. Kukwaniritsa zimenezi, ndi kumangira alangiziwo nyumba kuti asamakhale patawuni n'kumangobwera tsiku la sikelo, n'kotheka ndi misonkho yathu. Ku Abuja mu 2001 atsogoleri a mu Africa analonjeza kuti azipereka 15 pa 100 iliyonse ya bajeti ku zaumoyo. Zaka zambiri bajeti yathu yakhala ikupelewera pamenepo, ndipo aphungu a Neno ali ndi ufulu wonse wofunsa chifukwa chake.

Malamulo tili nawo. Lamulo lakale la za ngozi la 1991 linabwera madzi ndi miyala zitakokolola anthu ku Phalombe chaka chimenecho, ndipo mtima wake unali pa kupereka chithandizo ngozi itachitika kale. Mu 2023, Freddy atangodutsa, Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo latsopano lomwe likutsindika kuchepetsa chiopsezo ndi kukonzekera. Malawi anasainanso nawo mgwirizano wa ku Sendai ku Japan mu Marichi 2015, womwe chimodzi mwa zolinga zake zisanu ndi ziwiri ndi kuchepetsa kuwonongeka kwa zipatala ndi sukulu komanso kudukiza kwa ntchito zake pofika 2030. Nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA ili ndi makomiti kuyambira kuboma mpaka kwa gulupu. Vuto lomwe ndimaliona n'lakuti komiti ya ngozi ndi komiti ya zaumoyo m'mudzi umodzi kawirikawiri zimayenda njira zosiyana, ina ikulemba nyumba zogwa, ina ikulemba ana obayidwa katemera. Kwa mfumu yaikulu Mlauli, Symon, Dambe ndi Chekucheku makomiti awiriwa akanamakhala pansi limodzi mvula isanagwe n'kugwirizana zinthu zooneka: midzi iti imadukidwa mtsinje ukadzaza; ndani m'midzimo ali pa mankhwala osadukiza, kuti alandiriretu a miyezi ingapo, monga momwe ambiri a ma ARV amalandirira kale a miyezi isanu ndi umodzi; amayi ati apite kuchidikiro msanga; klorini ndi Thanzi zisungidwa kwa yani tsidya linalo; kabuku ka kuchipatala kakatayika munthu adzadziwika bwanji. Magetsi nawonso asaiwalike. Namondwe wa Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022 dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo kuzima kwa magetsi kunafika ponseponse, ngakhale ku Neno komwe kuli pafupi ndi Nkula ndi Tedzani. Firiji ya katemera ndi chipinda chochiriramo amayi siziyenera kudalira waya umodzi.

Pali chizolowezi choloza chala anthu a kumudzi, kuti ndi osamva, amamanga m'mbali mwa mitsinje, atha mitengo ndi makala. N'zoona kuti matumba a makala ondandalikidwa m'mbali mwa msewu wa Zalewa akutanthauza mapiri ometedwa, ndipo phiri lometedwa limatumiza madzi kumunsi mwaliwiro ndi mchenga wotseka mitsinje. Koma makalawo amaphikira nsima ku Blantyre, ndipo wowotcha makala amatero chifukwa chimanga chinapserera m'munda, ndipo nthawi zina chifukwa m'nyumba muli wodwala wofunika ndalama yoyendera. Banja lomwe silikugulitsa mbuzi kapena kudula mtengo kuti lipititse mwana kuchipatala chakutali limakhala ndi mphamvu yomanga nyumba ya maziko olimba. Udindo wina uli kutali kwambiri ndi Neno. Akatswiri a zanyengo omwe anafufuza mvula ya Ana ndi anamondwe ena a chaka chimenecho anapeza kuti kutentha kwa dziko kunaiwonjezera mphamvu, pomwe utsi womwe Malawi amatulutsa ndi wochepetsetsa poyerekeza ndi wa maiko olemera. Pamsonkhano wa ku Egypt mu 2022 maiko anavomera kukhazikitsa thumba lolipirira zowonongeka ndi kusintha kwa nyengo, koma ndalama zomwe zalonjezedwamo n'zochepa kwambiri poyerekeza ndi kukula kwa vutoli. Mu Okutobala chaka chomwecho, kolera ikufalikira kuno, katemera wake anachepa padziko lonse mpaka mabungwe omwe amagawa analamula kuti munthu azilandira kamodzi m'malo mwa kawiri. Boma lathu likamapita kumisonkhano imeneyi lizikanena momveka kuti zowonongeka si milatho yokha ayi, ndi anthu omwe chithandizo chawo chinadukiza.

Kuti likanene zimenezo liyenera kukhala ndi chiwerengero m'manja, ndipo apa Neno ingathe kutsogolera dziko lonse. Zipatala zake zakhala zikusunga mbiri ya odwala matenda okhalitsa kwa zaka zambiri, ina pakompyuta, ndipo oyendera makomo amadziwa maliro aliwonse a m'mudzi mwawo. Pambuyo pa namondwe kapena chilala chilichonse, khonsolo ya boma ikhoza kufunsa ofesi ya zaumoyo kuti ifanizire miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi yotsatira ndi miyezi yomweyo ya zaka zam'mbuyo: odwala angati anaphonya tsiku lotenga mankhwala pa Chifunga, pa Luwani, pa Midzemba ndi pa Matope, amayi angati anachirira panyumba, ana angati analowa m'ndondomeko ya chiponde, maliro angati anachitika kuposa nthawi zonse. Lipoti lotero liziwerengedwa pamsonkhano wa khonsolo pamaso pa mafumu ndi makhansala, limodzi ndi lipoti la nyumba zogwa ndi mahekitala okokoloka, ndipo bajeti ya chaka chotsatira izikonzedwa litamveka kale.